Machumuni a m'Buku la Azakhali

Madison, Wisconsin
20 Okutobala, 2019

Okondedwa achimwene Norbert,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu anga Annick ndi ana. Kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwafulumira, ndipo kumudzi chimanga chidakali m'munda chifukwa mvula sikupereka mpata woti makina alowe.

Ndasankha kalata m'malo mwa foni chifukwa pafoni mumandidula mawu, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve yonse musanapse mtima. Umboni umene munandipempha, wonena kuti buku la mapemphero la azakhali Philomene linajambulidwa ku Brabant, chigawo chanucho cha ku Belgium, sindilemba. Ndikudziwa kuti mwavutika nawo akuluakulu a nyumba yosungiramo zakale ya kumeneko, ndipo iwo anati alilandira pokhapokha katswiri atatsimikiza kuti ndi la m'chigawo chawocho. Ndikudziwanso kuti katswiriyo munkadalira kuti ndi mlongo wanu. Ndiloleni ndifotokoze mmene zinayendera.

Inu mukudziwa mmene azakhali alili pa bukuli. Chimvereni kuti nyumba yawo ya masisitere itsekedwa kumapeto kwa chaka chino, sanadandaulepo za tchalitchi, za munda wa maapulo, ngakhale za chipinda chimene agonamo kuyambira ali mtsikana. Mawu awo akhala amodzi: buku limene masisitere oyamba anabwera nalo pa sitima libwerere kwawo nyumba isanatsekedwe. Iwo eni sanawolokepo nyanja. Ine ndimaona ngati ankafuna kuti bukulo lipite m'malo mwawo, ngakhale kuti zimenezo sangazivomere.

Buku lotere kawirikawiri limaulula kwawo ndi masamba otchula mayina a oyera mtima, pakuti mzinda uliwonse unali ndi oyera amene unkawakumbukira mwapadera. M'buku la azakhali masamba amenewo anadulidwa kalekale, sitidziwa ndi ndani. Chimene chatsala choti n'kutiuza kanthu ndi zithunzi. Nditaliona mu Ogasiti ndinakhutira msanga. Pa chithunzi cha mngelo Gabrieli akulonjera Maria, pawindo pakuoneka msewu wa nyumba za njerwa zofiira, makoma ake akumaso okwera ngati masitepe mbali zonse ziwiri mpaka pansonga, monga nyumba za kwanuko. Ndinati basi, nkhani yatha. Koma ndinaona kuti dzina langa lokha silingalemere pamaso pa anthu anuwo, choncho ndinapempha aphunzitsi anga akale, Pulofesa Tollefson, kuti akalione nawo tisainire limodzi.

Simunakumanepo nawo. Ndi mayi wamfupi, anapuma pantchito kalekale, amayendera ndodo, ndipo moyo wawo wonse autha akuyang'ana nyumba zimene zili m'zithunzi za mabuku akale. Osati anthu, osati angelo, koma nyumba. Anayendapo wapansi m'mizinda yambiri ya ku Ulaya khosi lili m'mwamba, kujambula madenga m'kabuku, mpaka tsiku lina anagwera m'ngalande. Nkhani imeneyi amaifotokoza okha monyadira.

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa. Titafika tinapeza Sisitere Ludmila, amene amaphikira nyumba yonse, ataphika buya, msuzi wathu wa nkhuku ndi ndiwo zamasamba, mumphika waukulu uja ngati kuti kukubwera parishi yonse, pamene patebulo tinalipo anthu owerengeka.

"Idyani, Apulofesa," anatero. "Mwaonda ngati kandulo ya Lenti. Kuyunivesiteko amakudyetsani mapepala?"

"Mapepala ndi misonkhano, Asisitere."

"N'chifukwa chake. Colette, waonjezere, nkhuku ili pansi. Usangowapatsa madzi ngati mmene azakhali ako amachitira ndi alendo."

Azakhali anangoti, "Akudziwani kale, Sisitere, musadzivutitse," n'kupita kukatenga buku.

Achimwene, ndakhala ndikugwira mabuku a zikopa kwa zaka zambiri, koma tsiku limenelo ndinabwerera m'kalasi. Apulofesa anasamba m'manja, anagoneka buku pa pilo pafupi ndi windo, kenako anatulutsa kakhadi koyera n'kukagwira pamwamba pa chithunzi, osakhudza, kuti kaphimbe Maria ndi mngelo yemwe.

Azakhali anadabwa. "Mukuwabisiranji Amayi Maria?"

"Andikhululukire, Asisitere, koma awa sangandiuze kanthu. Ndawaonapo m'mabuku ambirimbiri, atagwada chomwechi, mkono uli pomwepa. Amisiri ankabwerekana zitsanzo. Mphunzitsi ankapatsa wophunzira, wophunzira n'kupita nazo kumzinda wina. Mngelo uyu wayenda maulendo ambiri kuposa ine."

"Nanga mukufuna chiyani?"

"Chimene sanauzidwe kuti ajambule. Zapatsogolozi ndi zimene mwini buku anaitanitsa. Zakumbuyo, zing'onozing'ono, zongodzazira malo, dzanja limajambula lokha zimene diso limaona tsiku ndi tsiku."

Anaweramira pa kawindo kaja ndi galasi lawo lokulitsa zinthu. Kamsewu konseko n'kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, mpaka Sisitere Ludmila anatopa n'kubwerera kukhitchini. Kenako anandipatsa galasi.

"Iwe Colette, waona makoma. Tsopano kweza maso. Pamwamba pa denga pali chiyani?"

Ndinayang'ana. Panali machumuni. Ndinali nditawaona kale, koma ndinali ndisanawayang'ane. Chumuni cha kwanuko, monga mudziwa, chimangokwera chowongoka n'kuthera pomwepo. Awa anali opyapyala m'munsi, kumwamba n'kutambasuka ngati belu loyang'ana kumwamba. Pa nyumba iliyonse ya masitepe ija panali chumuni chotere, china chofiira, china chopakidwa mizere yoyera. Munthu aliyense wa ntchito yathu amawadziwa machumuni amenewa. Ndi a ku Venice, mzinda wa pamadzi wa ku Italy. Ankawamanga choncho kuti azigwira nthethe za moto mumzinda wa nyumba zothithikana. Ndinamva manyazi, koma chimene ndinamva kwambiri ndi chidwi.

Sindinagonje msanga, musaganize choncho. Ndinati mmisiri wa ku Brabant akhoza kuona chojambula cha mlendo wamalonda n'kukopera. Apulofesa anasangalala ngati ndawapatsa mphatso.

"Ehe! Tsopano walankhula. Munthu akakopera chinthu chachilendo amachiika poonekera kuti anthu amutame, ndipo amachijambula chimodzimodzi nthawi zonse chifukwa ali ndi chitsanzo chimodzi. Tiye tione ngati uyu anatero."

Tinayenda ndi bukulo tsamba ndi tsamba mpaka dzuwa kupendeka. Machumuni analipo paliponse pamene panali mzinda, ku Nazarete, ku Betelehemu, ku Yerusalemu, ndipo panalibe awiri ofanana. China chinali chong'aluka, china chinaonekera theka kuseri kwa nsanja, china anachijambula ngati akuchionera pamwamba, munthu ali pawindo la chipinda cham'mwamba. Pabwalo la nyumba ya Elizabeti panali chitsime cha mwala wosemedwa, chachifupi, pakati penipeni pa bwalo. Pa denga lina panali kathandala ka matabwa, pataanikidwa kansalu. Pa chithunzi cha kuthawira ku Ejipito, kumbuyo kwa bulu, panali chitseko chotsegukira m'madzi, masitepe ake akumira.

Ndinati ngalande zilinso m'mizinda ya kumpoto kwa Ulaya, ngati kwanuko. Iwo anandilozera m'munsi mwa khomalo. Mmisiri anapakapo mzere wobiriwira wa ndere, wotakata, wokwera pamwamba pa madzi, monga zimakhalira kumene nyanja imakwera ndi kutsika tsiku lililonse. Mzere umenewo ndi wochepa kuposa tsitsi lanu limene latsala, koma anaupaka mitundu iwiri, wakuda m'munsi, wowala pamwamba. Palibe amene anamutuma, ndipo mwina kwa zaka mazana asanu palibe amene anauona. Anaupaka chifukwa ndi mmene khoma limaonekera. Munthu ameneyu sitimudziwa dzina, achimwene, koma ndinafuna kumugwira chanza.

Chikopa chenichenicho, mmene anachifufutira, chikugwirizana ndi kum'mwera. Apulofesa anati chimenecho pachokha sichikwanira, koma sichikutsutsa.

Ndiye ndinafunsa funso limene inunso mukufunsa: nanga makoma a masitepe aja? Anati amenewo ndiwo mtima wa nkhani. Mtaliyana sakanawajambula choncho. M'zithunzi zoyambirira ali olondola kwambiri, mpaka tizitsulo timene timagwira khoma tikuoneka, ndi mwala woyera pa sitepe iliyonse. Ameneyu anakulira pansi pa makoma otere. Koma anatibweza kuti tiyerekeze ndi zithunzi za kumapeto. Kumeneko masitepe ayamba kusokonekera. Ena ndi aatali kuposa anzawo, tizitsulo tasowa, ndipo pa Yerusalemu womaliza nsonga za masitepe zagawanika pawiri ngati mchira wa namzeze, monga zimakhalira pa malinga a kumpoto kwa Italy.

"Ankajambula kwawo kuchokera m'mutu," anatero, "ali pawindo la kwa eni. Ndipo dzanja linayamba kuiwala."

Ndiyenera kunena chilungamo: sitidziwa ngati anajambula masambawo motsatana monga alili, ndipo tsiku lina wina akhoza kupeza china chotitsutsa. Koma pa zimene zilipo lero, bukuli linapangidwa ku Venice kapena pafupi ndi kumeneko, ndi mmisiri wochokera kumpoto. Ngati kwawo kunali ku Brabant kapena ku Flanders, chigawo choyandikana nacho, zimenezo makoma sanena.

Azakhali anali atatisiya kupita kumapemphero a masana. Pamene tinkawadikira ndinafunsa Apulofesa ngati tingalembe kuti bukuli ndi "la mmisiri wa kumeneko", osatchula kumene linapangidwira. Silikanakhala bodza. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Anthu akewo akufunsa kuti linapangidwira kuti. Iwe ukudziwa yankho?"

"Ndikuganiza kuti ndikulidziwa."

"Ndiye lemba limenelo, kapena usalembe kanthu. Azakhali akowa ndawaona. Si mwana woti uziwabisira mankhwala m'phala."

Tinawauza m'chipinda chodyera, tikumwa khofi. Apulofesa ndiwo analankhula, mosazungulira komanso mosafulumira. Azakhali anamvetsera manja ali pachifuwa, nkhope osasintha. Woyamba kutulutsa mawu anali Sisitere Ludmila.

"Mayo ine! Ndiye kuti zaka zonsezi, Sisitere, pa phwando lililonse mwakhala mukupsompsona Mtaliyana?"

"Khalani chete, inu a ku Bohemia. Mukanakhala ndi buku inu, bwenzi mutakulungiramo mabanzi."

"Bola mabanzi amadziwika kwawo."

Ndinaseka, koma azakhali sanaseke. Anatembenukira kwa Apulofesa.

"Mukunena kuti amayi athu oyamba ananama?"

"Ayi. Iwo analitenga ku Brabant, zimenezo sindikukayika. Koma lisanafike m'manja mwawo linali litayenda kale zaka mazana atatu ndi kuposa. Mabuku amayenda, Asisitere. Amalowa m'katundu wa mkwatibwi, m'thumba la wamalonda, m'bokosi la wansembe."

"Ndipo anthu a Norbert salilandira."

"Lamulo lawo likakhala monga ndamvera, ayi."

Azakhali anatambasula dzanja.

"Tandibwerekani kagalasi kanuko."

Tinawabweretsera buku. Sanafune kuona machumuni. Anati tiwaonetse makoma, oyamba ndi omaliza. Tinatembenuza masamba uku ndi uku kangapo, iwo ali chiweramire, mpweya wawo ukumveka.

"Anabwerera kwawo munthu ameneyu?"

"Sindidziwa. Bukuli silinena."

"Koma apa anali atakhalitsa."

"Kwambiri."

Azakhali anabweza galasi n'kundiyang'ana ine. "Iwe Colette, nyumba ya agogo ako kufamu ukuikumbukira? Moto waukulu uja utapsereza zonse, agogo a agogo ako anati amanga ngati kwawo. Kunja njerwa zofiira, kawindo kozungulira pamwamba. Koma ukaboola njerwazo upeza mitengo ya m'dambo lomweli. Ndili mwana kunabwera wansembe wochokera ku Belgium, abambo anamutengera kukaona nyumbayo monyadira. Iye anaizungulira n'kunena kuti ndi yokongola, koma kwawo sanaonepo yotere. Abambo sanadye tsiku limenelo."

Anathokoza Apulofesa, anati aganiza, ndipo ananyamula buku okha kubwerera nalo. M'galimoto Apulofesa anagona njira yonse, ine ndikudzifunsa ngati ndinachita bwino kuwabweretsa. Yankho langa silinasinthe, koma linandilemera.

Lamulungu lapitali azakhali anandiitanitsa, ndipo ndinapita ndekha. Ndinawapeza atakhala padzuwa m'khonde la magalasi.

"Buku silipita," anatero ndisanavule n'komwe jekete. "Ndinkaliona ngati mwana wosochera woti ndimubweze kwa amake. Koma si mwana. Ndi munthu wamkulu amene anachoka kwawo, anakakhala kwina, n'kumakumbukira mmene akanathera. Ameneyo ndi wathu kuposa mmene ndinkaganizira. Kumeneko akamuika m'kabati ngati mlendo. Kuno ali pakati pa anzake."

Ankafuna kulipereka ku laibulale imene ndimagwirako ntchito. Ndinakana, ndipo ndikufuna mudziwe zimenezi kuchokera kwa ine, kuti tsiku lina musadzaganize kuti mlongo wanu anapeza machumuni pofuna kudzisungira buku. Lipita ku koleji ya pafupi ndi nyumba ya okalamba kumene masisitere asamukire. Ali ndi chipinda chabwino chosungira, ndipo alonjeza kuti azidzawabweretsa masisitere kudzaliona.

Mawu olemba pambali pa buku anafuna kusankha okha. Anati tilembe kuti "Linajambulidwa ndi munthu wa kwathu amene anakhala kwa eni." Ndinaimbira Apulofesa pomwepo, foni ili patebulo kuti onse amvane.

"Wa kwathu kuti, Asisitere? Sindinanene kuti ndi wa ku Brabant."

"Simunanenenso kuti si wa ku Brabant."

"Zoona. Koma sindingasainire."

"Ndani wakupemphani kusaina? Inu lembani zanu m'munsi, za machumuni ndi ndere, ndi zaka zake. Mzere wapamwamba ndi wanga."

Apulofesa anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti m'moyo wawo agonjapo kwa anthu ochepa, ndipo onse anali masisitere. Ndiye zikhala choncho, mizere iwiri, wina pamwamba wina pansi. Ndaganizira, ndipo sindikupezamo bodza mwa iliyonse.

Tsopano zopempha. Choyamba, mukawapepesere akuluakulu aja m'dzina la azakhali ndi langa. Lipoti lathu ndi zithunzi zokulitsidwa ndikutumizirani sabata ino kuti mukawaonetse. Ngati ali anthu a ntchito yathu enieni, akaona mzere wobiriwira uja sadzakwiya nthawi yaitali. Chachiwiri, mukamadutsa mumsewu wanu, mundijambulire makoma a masitepe angapo chapafupi, makamaka tizitsulo tija. Apulofesa akufuna kuyerekeza, ndipo ati zithunzi zawo zakale zinawonongeka ndi madzi a m'ngalande.

Chachitatu azakhali anandiletsa kunena. Ndinawafunsa ngati ndikuuzeni kuti mubwere, popeza ulendo wanu wodzatenga buku wafa. Anati, "Usamuvutitse mwana, ali ndi ntchito ndi banja, ndipo ine ndili bwinobwino." Ndiye sindikukuuzani kuti mubwere. Ndingolemba zimene ndinaona. Bedi lawo alitsitsira m'chipinda chapansi, pafupi ndi khitchini. Mphete yawo ya malumbiro aisamutsira ku chala chapakati chifukwa inkavuka. Pa Misa anakhala pansi nthawi ya Mthenga Wabwino pamene onse amaimirira, chinthu chimene inu ndi ine sitinachionepo. Sisitere Ludmila anandiperekeza mpaka pagalimoto, ndipo njira yonseyo sananene nthabwala ngakhale imodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga Annick, muwauze kuti juzi ija ikundithandiza kale. Maud ndi Basile muwapsompsone, ndipo muwauze kuti azakhali amawatchula mayina m'mapemphero m'mawa uliwonse, ngakhale kuti Basile amangomudziwa pa chithunzi. Sisitere Ludmila akuti moni, ndipo akuti mphika wa buya sanaulongedze, ausiya panja mpaka tsiku lomaliza. Azakhali akuti Mulungu akudalitseni, ndipo musadandaule za buku.

Misewu ya kumpoto yopita kwa azakhali imakhala bwino mpaka chakumapeto kwa Novembala. Chipinda changa cha alendo n'choyala.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Colette